KUTSUTSANA POPANDA KUNYOZANA

Mau oyamba

Paliponse pamene anthu akhalira limodzi kusiyana maganizo sikulephera. Pabwalo la mfumu, pamsonkhano wa komiti ya sukulu, pa mphakati, ngakhale m'banja pokambirana za mbeu yoti tibzale chaka chino, wina amati tichite chakuti, mnzake nati iyayi. Kusiyana kotere si tchimo. Makolo athu adaona kale kuti mutu umodzi susenza denga. Ngakhale Atumwi adatsutsana kolimba ku Yerusalemu pa nkhani yakuti kodi anthu a mitundu ina ayenera kuumbalidwa kuti akhale akhristu. Adamvetserana mmodzimmodzi, Petro, Barnabasi, Paulo ndi Yakobe, mpaka adamanga mfundo imodzi (Ntchito 15).

Chimene chimaononga midzi, miphakati ndi dziko ndi katsutsidwe koipa. Ambirife tikasowa choyankha timathamangira kunyoza. Ena amapotoza mau a anzao, ena amaopseza, ena amangokweza mau kuti phokoso ligonjetse nzeru. Msonkhano umatha anthu atakwiyitsana, pamene mjigo umene adasonkhanira ukadali chifere. Phunziro lino likufuna kutithandiza kuzindikira misampha imene imabisala m'kukambirana, kuti tisakodwemo, ndiponso kuti ifeyo tisamatchere anzathu.

Ufulu umene tidaupeza movutikira

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko muno mudawerengedwa kalata ya Aepiskopi athu. Kalatayo idanena za kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa, za mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi za mantha amene ankatseka anthu pakamwa. Zonsezi zidali mfundo zoti munthu angathe kuzivomera kapena kuzitsutsa ndi umboni.

Nanga yankho lidali lotani? Boma lidalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo udasanduka mlandu. Aepiskopi adaitanidwa kukafunsidwa ndi apolisi. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka, kumene kalatayo idasindikizidwa, idayatsidwa moto. Monsinyolo John Roche, amene ankayendetsa dayosizi ya Mzuzu, adathamangitsidwa m'dziko muno. Koma taonani, zonsezi sizidayankhe funso ndi limodzi lomwe la m'kalata muja. Kuthamangitsa wansembe sikudaonjezere mankhwala m'chipatala, ndipo moto wa ku Balaka sudatulutse wandende ndi mmodzi yemwe.

Zinthu zidayamba kuyenda pamene anthu adakhala pansi. Bungwe la Public Affairs Committee, lopangidwa mu 1992 ndi mipingo, Asilamu ndi magulu ena, lidayamba kukambirana ndi nthumwi za boma. Pa 14 Juni 1993 kudachitika riferendamu, ndipo anthu pafupifupi 63 mwa 100 alionse adasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adatipatsa ufulu wokhala ndi maganizo athuathu (ndime 34) ndi ufulu wolankhula zakukhosi (ndime 35). Malamulo omwewo, pa ndime 19, akuti ulemu wa munthu aliyense usaphwanyidwe. Choncho ufulu wolankhula ndi ulemu wa mnzathu zidabwera tsiku limodzi, ndipo ziyenera kuyendera limodzi.

Mafuwa atatu

Mphika suphikika pa fuwa limodzi. Mfundo nayonso imakhala pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndi chimene munthu akunena. Lachiwiri ndi chifukwa chimene akunenera. Lachitatu ndi umboni.

Tiyerekeze kuti pamsonkhano wa komiti ya mjigo mayi wina waimirira nati, "Ndalama za mjigo sizikusungidwa bwino. Mabanja 60 takhala tikusonkha mwezi ndi mwezi chaka chonse, koma mjigo utafa msungichuma adati m'thumba mulibe kanthu. Tione buku la zosonkha ndi malisiti." Mayiyu waika mafuwa onse atatu. Amene akufuna kumutsutsa ali ndi njira zoyenera. Angathe kuonetsa kuti mabanja ambiri sadasonkhe, kapena kutulutsa malisiti a zipangizo zimene zidagulidwa. Yankho lililonse limene silikhudza fuwa ndi limodzi lomwe mwa atatuwa ndi msampha, ngakhale litamveka lokoma ndi kusekesa anthu.

Misampha imeneyi sidayambe lero. Zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, Aristotle, mphunzitsi wa ku Greece, adalemba mitundu 13 ya mfundo zooneka ngati zoona koma zili zonyenga. Pano tiona isanu ndi iwiri imene timakumana nayo kawirikawiri.

Msampha woyamba: kusiya mfundo n'kugwira munthu

Uwu ndiwo msampha waukulu, ndipo akatswiri amautchula m'Chilatini kuti ad hominem, kutanthauza kulunjika pa munthu. Msungichuma uja, m'malo motulutsa buku, ati, "Mayi awa ukwati udawakanika, ndiye angatiuze chiyani za kasungidwe ka ndalama?" Anthu aseka, mayi akhala pansi mwamanyazi. Koma funso lake likadali chiimire: ndalama zili kuti? Ukwati wa mayiyo sudadye ndalama za mjigo.

Uthenga Wabwino wa Yohane uli ndi zitsanzo zomveka. Munthu uja adabadwa wakhungu, Yesu atamchiritsa, adaimirira pamaso pa Afarisi nawauza mfundo yolimba, yakuti munthu wosachokera kwa Mulungu sangathe kuchita zoterezi. Afarisi adasowa choyankha, ndiye adamnena kuti ndi wobadwira m'machimo wosayenera kuwaphunzitsa, namtulutsa kunja (Yohane 9). Nikodemo naye adafunsa anzake ngati Malamulo amalola kuweruza munthu asanamumve. Iwo sadayankhe za Malamulo, adangomfunsa ngati nayenso ndi wa ku Galileya (Yohane 7).

Msampha umenewu umavala zovala zosiyanasiyana.

Chovala choyamba ndi kunyoza poyera: kutchula umphawi wa munthu, kusaphunzira kwake, msinkhu wake, chilema chake, kapena kuti ndi mkazi. Wachinyamata akalankhula amati ndi mwana wa dzulodzulo. Wokalamba akalankhula amati tsobola wakale sawawa. Mayi Joyce Banda, asanakhale mtsogoleri wa dziko lino mu 2012, ena ankawanyoza kuti ndi ogulitsa mandasi. Munthu aliyense ali ndi ufulu wotsutsa ntchito ndi mfundo za mtsogoleri aliyense, koma mau amenewa sadatsutse mfundo iliyonse. Adangonyozetsa amayi onse amene amaphunzitsa ana ao ndi ndalama za mandasi.

Chovala chachiwiri ndi kutchula kumene munthu achokera. "Akutero chifukwa ndi wa kumpoto." "Akutero chifukwa ndi Mlomwe." "Akutero chifukwa ndi Msilamu." Pachisankho cha pa 17 Meyi 1994 zidaoneka kuti anthu ambiri adavotera munthu wa m'chigawo chao: a Chakufwa Chihana adapeza mavoti ochuluka kumpoto, Dr. Kamuzu Banda pakati, ndi a Bakili Muluzi kumwera. Ngati timayamba tafunsa kwao kwa wolankhula tisanamve chimene akunena, ndiye kuti takana kuphunzira kanthu kwa Amalawi anzathu a zigawo zina. Tikumbukire kuti Natanaele poyamba adakayika za Yesu pongomva kuti ndi wa ku Nazarete (Yohane 1).

Chovala chachitatu ndi "nanga iwe?" Wina akati, "Mudagawa makuponi a feteleza kwa abale anu okha," yankho limakhala lakuti, "Nanga inu muli pampando simunkatero?" Mwina n'zoona kuti woyambayo naye adalakwa. Ngati zili choncho, milandu ilipo iwiri, ndipo yonse iyenera kukambidwa, uliwonse pa nthawi yake. Kuba kwa dzulo sikuyeretsa kuba kwa lero. Andale a zipani zonse amaukonda msampha umenewu, ndipo akamalozana chala chotere wosauka ndiye amatsala wopanda feteleza.

Chovala chachinai ndi kumuipitsa munthu asanatsekule pakamwa. Wapampando ati, "Tsopano timve kwa bambo awa, ngakhale tonse tikuwadziwa kuti ndi osokoneza." Apa makutu a anthu atsekedwa kale. Chilichonse chimene bamboyo anene chidzamveka ngati chisokonezo, ngakhale atanena kuti denga la tchalitchi likudontha mvula ikugwa.

Chovala chachisanu ndi maina onyoza opatsa gulu lonse. M'nthawi ya chipani chimodzi, wotsutsa boma ankatchedwa chigawenga, ndipo ofuna matipate ankanenedwa kuti ndi abongololo. Zinthu zitasintha, ena a mbali inayo nawonso adayamba kutukwana aliyense wa chipani chakale ngati onse adali ndi mlandu wa magazi. Maina oterewa ndi oopsa chifukwa amamuvula munthu umunthu wake. Ku Rwanda mu 1994 wailesi ina inkatchula Atutsi kuti inyenzi, kutanthauza mphemvu, ndipo m'masiku pafupifupi 100 anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa, ena m'matchalitchi mmene adathawira. Zikwanje zisanatuluke, lilime lidali litayamba kale ntchitoyo.

Makolo athu adatisiyira mwambi wothetsa msampha wonsewu: wamisala adaona nkhondo. Ngakhale munthu amene mudzi wonse umamuyesa wopanda nzeru angathe kunena zoona, ndipo mudzi wokana kumumvera chifukwa cha nsanza zake umaonongeka.

Msampha wachiwiri: kupotoza mau a mnzako

Mkhristu wina ati pamsonkhano wa parishi, "Ndikupempha kuti lipoti la ndalama zomangira tchalitchi liziwerengedwa miyezi itatu iliyonse." Wina adzuka nati, "Mwamva? Akuti Bambo Mfumu ndi akuba!" Woyambayo sadanene zimenezo. Koma tsopano anthu onse ali kalikiliki kuteteza Bambo Mfumu, ndipo pempho la lipoti laiwalika. Wopotozayo waumba mdani wadothi namuphwanya yekha, kenaka n'kudziyesa ngwazi.

Mankhwala ake ndi awa: musanatsutse mnzanu, bwerezani mau ake m'mau anuanu, mumfunse kuti, "Kodi ndakumvani bwino?" Akavomera, pamenepo mutsutseni. Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu wa Mpingo amene adamwalira mu 1274, ankachita zomwezi m'zolemba zake. Pa funso lililonse ankayamba kundandalika mfundo za otsutsana naye mwachilungamo, kenaka n'kupereka yankho lake, n'kutsiriza ndi kuyankha mfundo zija imodziimodzi.

Msampha wachitatu: njira ziwiri zokha

"Ngati suli ndi ife, uli ndi adani athu." "Mukapanda kuvotera chipani chathu, chitukuko chiiwaleni." Wolankhulayo akutsekerani m'khola la makomo awiri, pamene makomo alipo ambiri. Munthu angathe kuyamika boma pa mseu umene lamanga ndi kulidzudzula pa kusowa kwa mankhwala, onsewo tsiku limodzi. Ndiponso chitukuko chimachokera ku misonkho ya anthu onse, choncho si mphatso ya chipani kwa ochivotera.

Ophunzira a Yesu adakodwa mumsampha umenewu ataona wakhungu uja. Adafunsa ngati adachimwa ndi iye kapena makolo ake, ndipo Yesu adakana zonse ziwiri. Pa nkhani ya msonkho wa kwa Kaisara, adani ake adamtchera dala makomo awiri, koma Iye adaitanitsa ndalama natsekula khomo lachitatu (Marko 12). Mukapatsidwa njira ziwiri, funsani: "Kodi palibenso ina?"

Msampha wachinai: kuopseza ndi zamawa

Pa kampeni ya riferendamu anthu ankauzidwa kuti matipate ndi nkhondo. Mau amenewa adagwira mitima, chifukwa nthawi imeneyo dziko lino linkasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo anthu a ku Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza ankaona okha masautso ao. Koma amene adafunsa umboni adapeza zosiyana. Nkhondo ya ku Mozambique idabuka dzikolo lili pansi pa chipani chimodzi, ndipo idatha mu Okutobala 1992 pamene mbali ziwirizo zidasainirana mtendere ku Rome. Ku Zambia, mu Okutobala 1991, a Kenneth Kaunda adagonja kwa a Frederick Chiluba pachisankho cha zipani zambiri, natula pansi udindo popanda nkhondo.

Kuchenjeza anzako za ngozi yeniyeni n'kwabwino, pakuti nkhanga zidapangana kusanapse. Msampha umakhalapo pamene wolankhula alumpha kuchoka pa chinthu choyamba kukafika pa tsoka lalikulu osaonetsa njira yolumikiza ziwirizo. Wina ati, "Mukalola amayi kulowa m'komiti, mabanja onse m'mudzi muno atha." Mfunseni modekha kuti afotokoze mmene chimodzi chidzabalire chinzake, ndi kumene zidachitikapo.

Msampha wachisanu: mmodzi kuimira onse

"Andale onse ndi akuba." "Achinyamata a masiku ano onse ndi aulesi." "Anthu a mtundu wakutiwakuti ndi odzikonda." Kawirikawiri wonenayo adakumana ndi anthu awiri kapena atatu, naweruza chikwi. Pali mwambi wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Mwambiwu umatichenjeza kuti khalidwe loipa limafala, koma suyenera kugwiritsidwa ntchito poweruza anthu osalakwa. Pakati pa Atumwi khumi ndi awiri padali Yudasi mmodzi, ndipo sititcha enawo opereka Ambuye.

Msampha umenewu uli ndi vuto linanso. Tikati andale onse ndi akuba, wakuba weniweni amapeza pobisala, woona mtima amagwa ulesi, ndipo ife eni timaleka kukavota poti palibe kusiyana. Ndi bwino kutchula cholakwa chenicheni, wochichita, ndi umboni wake.

Msampha wachisanu ndi chimodzi: chatsogola ndicho chachititsa

Tambala amalira kenaka dzuwa limatuluka, koma palibe amene amati tambala ndiye amatulutsa dzuwa. Komabe pa nkhani za matenda ndi imfa ambirife timaganiza motero. Gogo adadutsa pakhomo dzulo, mwana wadwala lero, basi gogoyo ndi mfiti. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anai okalamba adaphedwa poganiziridwa ufiti mtsikana wina atafa ndi mphezi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidafala ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu angapo osalakwa adaphedwa. Lamulo la 1911 lokhudza za ufiti lidaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo palokha silingasinthe kaganizidwe kathu.

Paulo Woyera atapulumuka pangozi ya chombo pa chilumba cha Melita, njoka idamluma dzanja. Anthu a pachilumbapo adati ndithu ameneyu ndi wopha anthu. Ataona kuti sakutupa kapena kufa, adatembenuka nati ndi mulungu (Ntchito 28). Maganizo onse awiri adali olakwa, chifukwa onse adamangidwa pa chinthu chimodzi chongoona ndi maso. Zinthu ziwiri zikatsatana, tifunse ngati palibe chifukwa china: malungo, madzi oipa, njala, kapena nyengo.

Msampha wachisanu ndi chiwiri: onse akutero, akuluakulu atero

Kuchuluka kwa anthu onena chinthu sikuchisandutsa choona. Ku Efeso khamu lidafuula pafupifupi maola awiri, chonsecho ambiri mwa iwo sankadziwa chimene adasonkhanira (Ntchito 19). Masiku ano khamu lotere limasonkhana pa WhatsApp ndi pa Facebook. Uthenga umodzi wabodza ukatumizidwa kwa anthu 500 umakhalabe wabodza. Paja kandimverere adakanena za m'maluwa. Musanatumize uthenga kwa ena, dzifunseni kuti adayamba kunena ndani, ndipo iyeyo adadziwa bwanji.

Demokalase imapatsa ochuluka mphamvu yosankha atsogoleri ndi njira yoti titsate. Koma ngati buku la msungichuma silikugwirizana ndi malisiti, ngakhale mudzi wonse utakweza manja, ziwerengerozo sizisintha.

Chimodzimodzi ndi udindo. Mau a akuluakulu akoma akagonera, ndipo n'kwanzeru kumvera dokotala pa za matenda ndi mlangizi pa za ulimi. Koma mpando wokha si umboni. M'buku la Daniele, mutu 13, akuluakulu awiri amene adalinso oweruza adanamizira Suzana kuti wachita chigololo m'munda. Anthu adawakhulupirira chifukwa cha udindo wao, ndipo Suzana adaweruzidwa kuti aphedwe. Mnyamata Daniele adapempha kuti mboni ziwirizo zilekanitsidwe, nafunsa aliyense payekha kuti adawaona patsinde pa mtengo wanji. Wina adatchula mtengo uwu, wina mtengo wina. Funso limodzi lofufuza umboni lidapulumutsa moyo wa munthu wosalakwa.

Kodi khalidwe la munthu lisamakambidwe konse?

Wina angafunse kuti, kodi tizingokhala chete munthu wa mbiri yoipa akafuna udindo? Iyayi. Pali nthawi pamene khalidwe la munthu ndiyo nkhani imene ili pabwalo. Tikamasankha msungichuma, n'koyenera kufunsa mmene adasungira ndalama kumene adatumikirapo kale. Tikamasankha phungu kapena khansala, n'koyenera kufunsa ngati adakwaniritsa zimene adalonjeza. Mboni ikakhala kuti ipindula ndi chigamulo, bwalo liyenera kudziwa, pakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Pali mafunso atatu otithandiza kusiyanitsa kudzudzula koyenera ndi kunyoza. Kodi chimene ndikunenachi n'choona, ndipo ndili ndi umboni? Kodi chikukhudzana ndi nkhani imene tikukambayi? Kodi ndikuchinena kuti anthu apindule, kapena kuti mnzanga achite manyazi? Kunena kuti munthu adalephera kupereka lipoti la ndalama za sukulu zaka ziwiri n'kudzudzula koyenera posankha msungichuma. Kunena kuti alibe mwana, kapena kuti mai ake adachokera kutsidya, n'kunyoza.

Dziko lathu lidaona phindu la kutsata umboni. Chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha pa 21 Meyi 2019 chitadzetsa mkangano, nkhani idapita kubwalo la milandu. Kwa miyezi ingapo anthu adamvera pa wailesi mboni zikufunsidwa ndi maloya a mbali zonse za mapepala a zotsatira ndi za utoto wofufutira wa Tipp-Ex. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu adagamula kuti chisankhocho chichitikenso, ndipo chidachitika pa 23 Juni 2020. M'miseu mudali kutukwanizana ndi kugendana, koma chimene chidathetsa mlandu ndi mapepala, mboni ndi malamulo.

Mpingo ukutiphunzitsa zotani?

Lamulo lachisanu ndi chitatu limatiletsa kuchitira mnzathu umboni wonama. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2477, amatchula machimo atatu oononga mbiri ya munthu. Loyamba ndi kuweruza mofulumira, ndiko kukhulupirira kuti mnzako walakwa popanda maziko okwanira. Lachiwiri ndi kuulula zolakwa za mnzako kwa anthu osazidziwa popanda chifukwa chokwanira, ngakhale zolakwazo zili zoona. Lachitatu ndi kusinjirira, ndiko kumnamizira mnzako. Nambala 2478 imatilangiza kuti tiziyamba tamasulira mau ndi zochita za mnzathu mokomera iye, ndipo nambala 2487 imati amene waononga mbiri ya mnzake ali ndi udindo wokonza chimene waononga. Kulapa kokha sikukwanira ngati bodza lathu likuyendabe m'mudzi.

Papa John XXIII, m'kalata yake ya 1963 yotchedwa Pacem in Terris, adaphunzitsa kuti tizisiyanitsa cholakwa ndi munthu wolakwayo. Maganizo olakwa tiwakane ndi mphamvu zathu zonse, koma mwini maganizowo sataya ulemu wake, chifukwa adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Wa chipani china amene tatsutsana naye Loweruka ndi yemweyo tidzapatsana naye moni wa mtendere pa Misa Lamulungu.

Tichite chiyani tsono?

Wina akakunyozani pamsonkhano, musabwezere. Mukabwezera mwamuthandiza, chifukwa chimene amafuna n'chakuti anthu aiwale funso lanu. Nenani modekha kuti, "Za ine tidzakamba tsiku lina ngati kuli kofunika. Lero ndafunsa za buku la ndalama." Akapitiriza, bwerezani funso lomwelo. Anthu ali ndi makutu, ndipo adzazindikira amene akuthawa nkhani.

Mukaona mnzanu akunyozedwa, musaseke nawo. Wonyoza amadalira kuseka kwa anthu monga moto udalira nkhuni. Imirirani mupemphe kuti funso la mnzanuyo liyankhidwe, ngakhale inu simukugwirizana naye. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ngati ndinu wapampando, gwirizanani malamulo a msonkhano musanayambe: kulankhula mmodzimmodzi, nthawi yofanana kwa aliyense, mwai kwa amayi ndi achinyamata, ndi kuletsa kutchula za m'banja, mtundu kapena thupi la munthu. Wina akaphwanya lamulo, muimitseni nthawi yomweyo, ngakhale ali wolemekezeka.

Pamisonkhano ya ndale, mverani ndi mafuwa atatu aja m'mutu. Pobwerera kunyumba dzifunseni: kodi wolankhula uja adanena chiyani za sukulu, chipatala, mseu ndi mtengo wa feteleza? Adati ndalama zake zidzachokera kuti? Ngati ola lonse adangotha ndi kutukwana anzake, ndiye kuti sadakuuzeni chimene adzakuchitireni, ndipo voti yanu njamtengo wapatali kuposa nthabwala zake.

Potsiriza, mnzanu akakupatsani umboni woposa wanu, vomerani. Cholinga cha kukambirana n'chakuti tonse tipeze choona, ndipo amene wachoka pamsonkhano atadziwa chimene sankachidziwa wapindula.

Mafunso okambirana pa mphakati

1. Werengani Yohane 9:13-34. Ndi misampha iti imene mukuiona m'mau a Afarisi? Nanga munthu wochiritsidwa uja adayankha motani?

2. Popanda kutchula maina a anthu, ndi msampha uti umene umamveka kawirikawiri m'misonkhano ya m'dera lathu? Waononga ntchito ziti za chitukuko?

3. Ndi magulu ati a anthu amene amaopa kulankhula pamisonkhano yathu chifukwa choopa kunyozedwa? Tingawathandize bwanji?

4. Kodi ndi liti pamene n'koyenera kukamba za khalidwe la munthu wofuna udindo mu Mpingo kapena m'dziko? Perekani zitsanzo.

5. Gwirizanani malamulo asanu a kakambidwe ka nkhani pa mphakati wanu, muwalembe, ndipo muziwawerenga poyamba pa msonkhano uliwonse.